Mayi Keziah Thorne, Womwa Pomaliza

Nditabwera kuchokera ku Ulaya, kumene ndakalambira, abusa andipempha kuti ndilembe za Mayi Keziah Thorne, mkazi wa pulezidenti woyamba wa koleji yathu kuno ku Ohio, m'dziko la America. Ndavomera, chifukwa amene akuwatamanda lero ndi zidzukulu za amene ankawalavulira.

Keziah anali mwana wa msoki wa nsapato. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo analera abale ake yekha, Baibulo ali kuliwerenga pa benchi ya bambo ake. Atakwatiwa ndi Elihu Thorne, mphunzitsi wa Chigiriki amene anadzakhala pulezidenti, mpingo unampatsa mpando wa kutsogolo.

Masiku amenewo chikho cha Mgonero chinali chimodzi. Azungu tinkayamba kumwa, kenaka akuda ankatsika m'chipinda chawo cham'mwamba kudzalandira zotsala, kuti mlomo wa mzungu usakhudze pamene pakhudza wawo. Lamulungu lina chikho chinafika pa Keziah, iye anangopinda manja. Anadikira mpaka Phillis Wyatt, wochapa zovala za ophunzira, atamwa, ndiye anagwada n'kumwa pamalo pomwepo.

Akuluakulu a koleji anauza Elihu kuti aweruze mkazi wake, apo ayi achoke pa udindo.

"Mkazi wanga, ungomwa msanga basi," anadandaula Elihu. "Pakamwa pako patichotsa m'nyumba muno."

Keziah anayankha mwamuna wake kuti, "Abambo, inu mwawerenga Chigiriki chonse. Tandionetsani pamene Ambuye anati imwani nonse, koma Phillis adikire."

Elihu sanapapeze. Akuluakuluwo anamuchotsadi pa udindo, ndipo banjalo linasamukira m'kanyumba ka kuseri kwa chigayo, kumene Keziah ankasoka malaya a ophunzira. Akazi anzake analeka kumuyendera. Keziah sanadandaule, ndipo sanasinthe. Ankangoti, "Ludzu langa limadziwa kudikira." Ophunzira ena, ine mmodzi wa iwo, tinayamba kudikira naye, mpaka mzere wotsiriza unatalika kuposa woyamba.

Keziah atakalamba n'kudwala mpaka kulephera kudzuka, abusa a nthawi imeneyo anabwera ndi Mgonero kunyumba. Phillis, amene anandifotokozera izi, anali pambali pa bedi. Abusa atapereka chikho, Keziah anachikankhira kwa mnzakeyo.

"Iwe Keziah, mpweya watsala pang'ono uwu," anatero Phillis. "Ukafera pa mzere ndidzayankha chiyani?"

"Ndiye fulumira, nkhalamba iwe."

Phillis anamwa, Keziah anamwa pambuyo pake, ndipo madzulo ake anamwalira mwamtendere.

Sabata yatha ndinadya Mgonero kuno. Ndinapeza kuti aliyense tsopano ali ndi kachikho kakekake, akuti n'chifukwa cha matenda, ndipo zidzukulu za Phillis zinamanga tchalitchi chawo kutsidya kwa njanji. Abusa ndawauza kale kuti asandisungire kachikho. Lamulungu likudzali ndikagwada kutsidyako, ndipo ndikamwa onse atatha.