Therere la Mayi Madina

Kuno ku Kya Sand ukafunsa kwa Che Tawakali anthu amakanda mutu, koma ukati "kwa abambo a therere" ngakhale mwana akulozera. Ndi munthu wa ku Machinga, wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo anafika ku Joni mu 2008. Masana amadula kapinga m'nyumba za mabwana, madzulo amathirira kabedi kawo ka therere kuseri kwa mkhukhu wawo, kanyumba kamalata. Ine Felesita, wa mkhukhu woyandikana nawo, ndadya therere lawo mpaka manyazi anandithera.

Therere limenelo lili ndi mwini wake. Mu 2011 akazi awo, Mayi Madina, anamwalira kumudzi, ndipo Che Tawakali anafika maliro ataikidwa kale. Pobwerera, anzawo m'basi atanyamula usipa ndi mpunga, iwo ananyamula kabotolo ka mbewu ya therere la mayiwo ndi kathumba ka dothi la m'dimba mwawo. Momwe anadutsira nako pa malire a Beitbridge sindikudziwa. Dothilo anathira pa bedi, akuti mbewu ya kwathu isadzione yachilendo.

Zaka zoyamba therere linabereka mpaka kugawira mzere wathu wonse. Kenako linayamba kunyentchera. Ankathirira m'mawa, koma pofika masana masamba ali lende. Pofika 2016 linkafa lisanakhwimitse mbewu, ndipo m'kabotolo munatsala njere zisanu ndi zinayi zokha. Ine ndinati ndi anthu ansanje, poti pakamwa panga sipachedwa. Iwo anangoti chilala, koma nkhope inkawatsutsa. Ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa njerezo zikatha, kunalibenso kokatenga zina. Dimba lija abale anali atadzalamo nzimbe.

Ndiye ndinaitana Nomathemba, mnzanga wa kutchalitchi. Bambo ake anali Mmalawi wa kumigodi, iye anabadwira konkuno, ndipo amagwira ntchito ku nazale ya mbande. Atafika sanapemphe n'komwe, anangozula mtengo umodzi. Che Tawakali anatsinzina ngati awazula dzino.

Mizu yake inali yotupatupa, timfundo tili ndondondo ngati mikanda.

"Eish, abambo, si chilala ichi," anatero Nomathemba m'Chichewa chake chopindika. "Muli tinyongolotsi m'dothimu, tosaoneka ndi maso."

"Nanga therere langa talidziwa bwanji?" anafunsa iwo.

"Timanunkhiza. Tilibe maso, koma muzu ukamakula umatulutsa timadzi take, ndiye ito timatsatira fungolo m'chinyezi mpaka kulowa mkati. Mukamathirira mumatikonzera msewu."

Ndinaseka, ndati ndiye ndi Amalawi anzathu, amene amakupeza ngakhale m'tauni ku Jeppe pongomva fungo loti wakazinga usipa. Palibe anandithandiza kuseka.

"Tachokera kuti?" anafunsanso.

Nomathemba anati nthawi zambiri timabwera ndi mbande kapena dothi lochokera kwina. Sankadziwa za kathumba kaja, koma ine ndinkadziwa, ndipo ndinayang'ana pansi.

"Ndiye ndinatikweza ndekha basi," anatero Che Tawakali, pang'onopang'ono.

Nomathemba atamva nkhani yonse anachepetsa mawu. Anati njere zotsalazo zisakhudzenso bedi limenelo, azidzale m'zidebe, m'dothi latsopano, ndipo lakalelo alifosholere kudzala.

"Hayi, mwanangu," anayankha. "Dothi ili silipita kudzala."

Mtsikanayo anaganiza kaye, kenako anati ngati ndi choncho adzalepo maluwa aja achikasu onunkha. Mizu yake tinyongolotsito sitikondwa nayo, ndipo tikasowa chakudya timachepa. Koma therere lisabwererepo kwa zaka ndithu.

Loweruka lotsatira ndinawaona akuboola zidebe zakale za penti, zisanu ndi zinayi, njere imodzi chidebe chimodzi. Zinamera zisanu ndi ziwiri. Chaka chimenecho sitinalaweko ngakhale limodzi, lonse analisiya liume likhale mbewu, ndipo kabotolo kanadzazanso.

Pa bedi paja panayala maluwa, chikasu chokhachokha. Tsiku lina madzulo ndinawapeza akuwathirira mosamala kuposa therere lomwe, ndipo ndinawaseka kuti mwamuna wamkulu wa ku Machinga wayamba kulima zosadyedwa.

"Madina akanandiseka chomwecho," anatero, osatukula mutu. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndinakhala naye osamudzalira duwa, chonsecho kuno ndakhala ndikudzalira maluwa akazi a eni ake. Iyeyo awa ndi oyamba."