Dothi la Agogo Faisoni

Tsiku limene fakitale ya nsalu inatitsekera geti, ndinabwerera kukomboni yathu ya Pfupajena mtima utatsimikiza kale kuti ndikupita ku Malawi. Anzanga onse ankathamangira ku Joni, koma ine ndinkafuna kwathu. Ndinali nditatopa kutchedwa Mubhurandaya, dzina lonyozera ife amene makolo athu anachokera ku Malawi. Ndinali nditatopanso kuona anzathu Achishona akukwera mabasi pa Khirisimasi kupita kumidzi kwawo, ife titatsala m'komboni ngati alonda. Amayi anaimitsa makina awo osokera n'kundifunsa kuti, "Kwanu kuti, Enelesi? Iwe unabadwira m'Chegutu muno." Sindinawamvere. Ndine wamakani chibadwire, ndipo amayi amati ndinatengera bambo awo, agogo Faisoni, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kudzafera pamgodi ku Kadoma.

Ku Lilongwe ndinapeza malo osokera pakhonde la sitolo. Abale inu, kusekedwa kwake! Ndikati sadza m'malo mwa nsima, anthu ankafa nazo nseko, ndipo pasanathe mwezi dzina langa linali Mayi Halale. Ndalama zotumiza kwa amayi zinkafika zitaonda, ena atadyako m'njira. Lamulungu ndilo linkandivuta, ndili ndekha m'kachipinda kalendi, anthu akuyenderana panja. Amayi akaimba ndinkangoti zonse zili bwino, chifukwa kulira pafoni kumatha mayunitsi.

Dzina la mudzi wa agogo amayi ankalidziwa, choncho ndinafunsafunsa mpaka ndinaupeza. Kumeneko ndinakumana ndi mlongo wotsiriza wa agogo Faisoni, agogo Nachisale, maso atafa kale. Anandisisita kumaso ndi manja n'kuyamba kulira. "Chipumi ichi n'cha achimwene," anatero. Anandiphera nkhuku, ndipo ine ndinati basi, ndafika. Koma nditafunsa za kamalo koti ndidzamangepo, mwana wawo wamwamuna anandiyankha mwaulemu wobaya: "Achemwali, kuno munthu amatsata kwa mayi ake. Malo anu ali kwa agogo anu aakazi." Agogo aakaziwo anali Mshona wa ku Sanyati, kumene mwana amawerengedwa kwa bambo.

Potsanzikana, agogo Nachisale anandigwira dzanja osalisiya. "Achimwene anati akukagula njinga, mpaka lero. Mzimu wawo uli kutchire. Kanditengereni dothi la pamanda pawo tidzaliike pafupi ndi mayi athu, ndisanatseke maso." Ndinalonjeza ndi mtima wonse. Ndinkaganizanso kuti ndikawabweretsera munthu wawo, mwina nane andiona ngati wawo.

Vuto linali lakuti mandawo palibe ankawadziwa bwino. Amayi anali kamtsikana pamene bambo awo ankaikidwa, ndipo tizitsulo ta manambala anthu anazula kalekale kukagulitsa. Nditabwerera ku Chegutu, ndinakwera kombi, minibasi ya kuno, kupita ku Kadoma, ku ofesi yosunga mabuku a manda. Mtsikana wa pamenepo ananditulutsira mabuku onunkha fumbi, ena chiswe chitadya m'mbali, nati ndifufuze ndekha. Mmenemo munali anthu athu okhaokha, tsamba ndi tsamba: Phiri, Banda, Mwale, Saidi, ndipo pambali pa dzina lililonse panalembedwa Nyasaland. Ndinayenda ndi chala mpaka maso kuwawa, kenako dzina lija linangotulukira: Faisoni, wa pamgodi, ndi nambala ya manda ake. Pafupi ndi nambala imeneyo panali ya khanda lopanda dzina, longolembedwa kuti mwana wa Faisoni. M'buku la zaka zapatsogolo ndinapezamo agogo aakazi, amene anawasungira malo mumzere womwewo.

M'mawa mwake ndinatenga amayi kupita nawo kumandako. Bambo wosamalira manda anayambira pamwala wina umene nambala yake inkaonekabe, n'kumawerenga mitumbira m'udzu wofika m'chiuno mpaka anaima. Mitumbira yake inali itatitimira, yongotsala pang'ono kufanana ndi nthaka. Amayi anagwada. Kenako anati, "Kamwanako kanali kamnyamata. Ndinkakabereka kumbuyo ine."

Ndinadikira kuti apukute misozi, kenako ndinatulutsa kansalu koyera n'kuwauza zimene ndinalonjeza ku Dedza. Ndisanagwire n'komwe pansi, amayi anandikwapula dzanja ngati ndine mwana woba shuga.

"Usayerekeze!"

"Amayi, ndi dothi lodzaza dzanja basi. Gogo uja akufa, akungodikira zimenezi."

"Dothi basi? Ukudziwa bwino kuti ukanyamula dothi wanyamula munthu. Ukufuna uwachotse bambo anga apa, asiye mkazi wawo ndi mwana wawo, apite kwa anthu amene sanalembepo ngakhale kalata?"

Nanenso mkwiyo unandikwera. Ndinawauza kuti agogo sanabwere kudzakhala, anabwera kudzagwira ntchito, ndipo munthu aliyense ayenera kugona kwawo. Amayi anaimirira, mawondo ali fumbi lokhalokha, n'kundiyang'ana m'maso.

"Ku Sanyati amati ndife a kwa bambo. Ku Dedza akuuza wekha kuti ndife a kwa mayi. Munda tilibe, mudzi tilibe. Chimene tili nacho m'dziko lonse ndi mitumbira itatu iyi. Ukawatenga bambo, ine udzandiika pafupi ndi ndani?"

Zinandipweteka kwambiri, chifukwa amayi ndi agogo Nachisale onse awiri ankanena zoona, ndipo aliyense ankalirira munthu wake. Amayi anagwadanso n'kuyamba kuzula udzu ndi manja. Nthawi yomweyo foni yanga inalira, uthenga wa mawu wochokera ku Dedza. Anali agogo Nachisale, mawu atachepa ngati a mwana: "Enelesi, kodi achimwene anyamuka?"

Ndinaganiza zokatapa dothi pena paliponse m'mbali mwa msewu, poti ndani akanadziwa? Koma kunamiza munthu wosaona amene ali pakhomo la imfa, ndinalephera. Ndinapita pansi pa mtengo n'kujambula yankho: "Agogo, achimwene anu tawapeza. Sali kutchire, ali ndi mkazi wawo ndi mwana wawo. Pepani, sabwera."

Uthengawo anaumvera, foni inaonetsa, koma yankho silinabwere, ndipo mpaka lero ku Dedza sanaimbenso. Sindikudziwa ngati gogo uja akadali moyo, ndipo ndimaopa kufunsa. Ku Lilongwe sindinabwerere. Ndimasoka pano ku Pfupajena, ndipo mvula ikatha timakwera kombi ndi amayi kukalambula manda ku Kadoma. Andisonyeza kale pamene akufuna kudzagona, kumapazi kwa bambo awo. Tsiku limenelo anayeza ndi mpini wa khasu, n'kunena osandiyang'ana kuti, "Tikapanikizana, nawenso ukwana."