Ndibwezereni maola awiri a amuna anga

Chilembo chimodzi chandiphera amuna anga. Chimodzi chokha, Z. Inu a ofesi yokonza maulendo a ndege za odwala, imene ili pafupi ndi bwalo la ndege kuno ku Tete, musayese kuti poti maliro tinaika ndiye kuti pakamwa panga panaikidwanso.

Ine ndine mayi a Rozita, ndimalima masamba ku Nhartanda. Amuna anga, a Zakariya, ankayendetsa chimakina chokumba malasha ku Moatize. Lachinayi chitsulo chinawapsinja pachifuwa. Adokotala anati pano sitingathe, apite ku Joni, ndipo kampani yawo inaitanitsa kandege.

Lachisanu masana ndinapita ku ofesi ija kukamva nthawi. Ndinapeza kalaliki wa tayi yofiira, kamphepo kozizira kakumuwomba ngati nyama ya mufiriji. Pakhoma chinsalu chachikulu, akuti maiko agwirana manja kuti ndege ziziyenda bwino mlengalenga. Anayang'ana pakompyuta n'kundilembera pakapepala: Loweruka, 10 ora. Anandichenjezanso, chala chili m'mwamba, kuti chiyambire malasha kumwamba kwadzaza, ndege iliyonse ili ndi nthawi yake, ukachedwa zako zada.

Ife kuchedwa? 8 ora tinali titanyamuka kale kuchipatala, poti mlatho wa pa Zambezi mukuudziwa nonse. 9:20 ambulansi inali pageti. Anamwino anatenga botolo limodzi la mpweya, lokwana maola anayi, chifukwa ndege imabwera ndi wake.

10 ora, kumwamba kuli zii. 10:30 ndinalowa kukafunsa. Akuti pasiyensiya mayi, lezani mtima, ndege ili m'njira. Dzuwa la Tete nalo silicheza, ambulansi inasanduka uvuni. A Zakariya thukuta lili kamukamu, akungondifinya dzanja poti kuyankhula sakanatha. 11 ora kasingano ka pabotolo kanalowa pofiira. Ndinathamangiranso kwa tayi yofiira, ndinamugwadira ndithu, kuti aimbe foni afunse pamene ndege ili. Iye akuti sangasokoneze akuluakulu, ali pamsonkhano ndi alendo akunja amene abwera kudzaona makina atsopano oyendetsera ndege. Pasiyensiya. Kodi pasiyensiya munthu amapuma? Amaithira m'botolo?

Anamwino anati tibwerere kuchipatala, apo ayi atifera m'manja. 11:10 tinatembenuka. Pamlatho tinapeza malole a malasha ali mndandanda mpaka kutsidya, osasuntha, sayirini kulira mpaka kusasa mawu. Botolo linathera pomwepo, pakati pa mtsinje. Anamwino anayamba kupopa ndi manja. Meyudiya yeniyeni, 12 ora, ndikuyang'ana pawindo, ndinaona kandege koyera kakutsika pang'onopang'ono kulowera komwe tangochoka. Ndinamenya galasi ndi chibakera mpaka zala kutuluka magazi.

Tinafika kuchipatala 12:40. Adokotala anati wodwala wafooka kwambiri, apatsidwe ola limodzi kapena awiri apezeko mphamvu, kapempheni ndege idikire. Foni ya ku ofesi ija inkangoitana. Ndinasiya amuna anga, ndinakwera njinga yamoto, tinapyola pakati pa malole. 13:30 ndinali pakhomo pawo. Ndege inali itapita.

Apa ndi pamene shefi wawo, bwana wa ofesiyo, anatuluka mumsonkhano, akutafunabe samusa. Anandifotokozera ngati ndine mwana wa sukulu. Akuti ndege sinachedwe ngakhale mphindi imodzi. Akuti maiko onse anagwirizana kuti ndege ziziyendera nthawi imodzi, kuopa kuti zingagundane pochoka mlengalenga mwa dziko lina kulowa mwa lina. Nthawiyo amailemba ndi Z kumapeto, amaitcha Zulu, ndipo ili kumbuyo kwa yathu ndi maola awiri. 10 ora ya Zulu ndiyo meyudiya kuno. Akuti njira yobwerera nayo anaipempha kwa maiko a eni, inali ndi nthawi yake, woyendetsa sakanadikira. Ndege ina mawa.

Zulu? Ine ndine Mngoni wa ku Angónia, makolo athu anachokera konko kwa Zulu, koma sindinamvepo kuti anabwera ndi dzuwa lawolawo. Ndinamenyetsa kapepala kaja patebulo, ndinati ndionetseni Z pamenepa. Shefi anacheukira kalaliki. Kalaliki anayang'ana nsapato zake.

"Z-yo ndimayesa ikutanthauza Zambezi, shefi."

Sindibisa chimene ndinachita, ndipo sindikuchita nacho manyazi. Ndinagwira tayi yofiira ija, ndinaikulunga kawiri padzanja langa lomwe limagwira khasu, ndinamukoka mpaka chifuwa chake chinagona patebulo. Maso ali tong'o, kukamwa kuli yasa, akufunafuna mpweya.

"Pasiyensiya, bambo," ndinamuuza. "Mpweya uli m'njira."

Alonda awiri anandikanganula. Mmodzi ndinamuluma padzanja. Pakhoma panali mawotchi awiri, ina yolondola, ina yotsalira maola awiri, pansi pake pali Z wamkulu ngati chikhatho. Tsiku lonse munthuyu amakhala moyang'anizana nayo! Ndinanyamula mpando ndi kuiphwanya, magalasi anamwazika mpaka kumapazi kwa alendo aja amene ankasuzumira pakhomo. Alonda aja anandilanda foni n'kunditsekera m'kachipinda.

Ananditulutsa 17 ora. Pafoni panali uthenga wa anamwino. A Zakariya anatisiya 16 ora, ine ndili m'kachipinda ndikumenya chitseko. Zaka makumi awiri tili limodzi, koma dzanja limene anafinya pomaliza ndi la anamwino. Chimenechi ndiye chimandiwawa kuposa zonse, ndipo ndidzafa nacho.

Lolemba mwandiimbira, akuti ndikapepese chifukwa cha wotchi. Wotchi! Tamvani, ine sindikulimbana ndi mgwirizano wa maikowo. Ndege zisagundane, ndi zabwino, m'ndegemo mumakhala ana a eni. Koma munagwirana manja ndi maiko onsewo n'kuiwala munthu wokhala pakauntala panu? Makina munaitanitsa kunja, alendo munawadyetsa samusa, osapeza mphindi zisanu zomuuza kuti Z si Zambezi? Nanga foni imodzi ya 11 ora ikanagwetsa msonkhano wanu? Ndani anamuika pampando umenewo? Ndikufuna ayankhe iyeyo, pamaso panga, Rozita ali pomwepo.

Inu nonse okhala ku Francisco Manyanga, ku Nhartanda, ku Moatize, akakulemberani nthawi ya ndege mufunse kuti ndi ya ndani. Asakunyengeni ndi tayi.

Pa pepala la imfa alemba 16 ora. Pa wotchi yanu ya Zulu ija inali 14 ora, ndiye kuti kwa inu amuna anga anali adakali ndi maola awiri. Ndibwezereni amenewo. Ndege sindikuifunanso. Akukwana kuti ndiwoloke mlatho ndikawagwire dzanja.