Mmene tinatsekera sipaza yathu ku Chaneng

Ine ndi mkazi wanga tinali ndi kasitolo ku Chaneng, kamene kuno ku Joni amati sipaza. Tinkachita lendi galaja ya mayi ena achikulire a Chitswana, ndipo makasitomala athu ambiri anali ogwira ntchito mumgodi, amene ankagula buledi ndi mkaka popita kuntchito.

Ana atadwala m'madera ena chifukwa cha zakudya za m'masitolo, boma linalamula kuti sipaza iliyonse ilembetsedwe. Lamulolo sindinadane nalo, poti nanenso ndine kholo. Koma ku ofesi yolembetsera anandiuza kuti chiphaso changa n'chongogwirira ntchito, si cha bizinesi. Ndalama zimene mlendo amafunika kuonetsa kuti apeze cha bizinesi sindikanazikwanitsa, ngakhale nditagulitsa munda wa kwathu ku Machinga.

Ndinapita kwa mayi aja kukawapempha kuti alembetse sitoloyo m'dzina lawo. Anandipatsa mpando.

"Mwana wanga, pa wailesi anena kuti wochita zimenezo amangidwa," anatero. "Lendi yakoyi ndi imene ndimadyera, koma ndakalamba ine, ndikuopa."

Sindinawakakamize. Katundu tinagulitsa motchipa, filiji anatenga mnzanga wa ku Zinniaville. Mkazi wanga anapeza ntchito yochapa m'nyumba za anthu kudera la Safari Gardens, ine ndinayamba kusaka maganyu. Galaja ija idakali yotseka mpaka lero, ndipo tikakumana pamsewu, mayi aja amandipatsa moni akuyang'ana pansi.