Mlendo wa ku Australia Amene Ndinamutulutsa

Koleji ndinaisiyira panjira, koma mwambo ndinaumaliza wonse mpaka digiri. N'chifukwa chake kunyumba yosamalira okalamba ku Oadby, pafupi ndi mzinda wa Leicester kuno kwa azungu, kumene ndimagwira ntchito, palibe amanyoza munthu wamkulu ine ndili pa shifiti.

Tinali ndi agogo ena achizungu amene sankalandira alendo, poti abale awo anatha. Tsiku lina kunafika mayi wochokera ku Australia, akuti ndi m'bale wawo wapatali. Ndikuwaikira tiyi, ndinamva mlendoyo akunena, uku akumwetulira: "Agogo a agogo anu anali wakuba. Anawamanga maunyolo."

Kwathu mawu amenewo amaimitsa ngakhale maliro. Kuyang'ana agogo, misozi ili mbwembwembwe. Ndinanyamula chikwama cha mlendoyo mwaulemu wonse, n'kumuperekeza kunja. Ndinabwerera nditatukumula chifuwa.

"Ali kuti?" anafunsa agogo.

"Musadandaule, ndathana naye."

"Mwana iwe! Moyo wanga wonse ndamva kuti mayi ameneyo, agogo a agogo anga, anathawa, kusiya khanda. Uyu wabwera kudzandiuza kuti sanathawe. Ndiye wamuthamangitsa?"

Sindinathamangepo choncho chichokereni ku pulayimale. Ndinamupeza pa siteji, basi ikuima. Ndinagwada pa simenti yonyowa, yunifolomu ili m'thupi, azungu akundiyang'ana m'mawindo. Mlendoyo anaseka, koma anabwerera.

Ndinaima pakhomo n'kumamvetsera. Mayi wakaleyo ankasoka masokosi konkuno ku Leicester. Anabisa mapeyala angapo a bwana wake kuti akagulitse. Masokosi! Bwalo linamulamula kukwera sitima yapamadzi ya ku Australia, ulendo wa miyezi yambirimbiri, khanda n'kutsala ndi mchemwali wake. Kumeneko anamupereka kwa mlimi ngati wantchito wosalipidwa. Atayankha mwano, anamutsekera kundende, anamumeta mpala n'kumuveka chitsulo m'khosi. Amuna ofuna mkazi ankabwera kundende, akazi n'kuwandandalika pamzere, munthu n'kusankha ngati akusankha kaunjika. Ukwati wake unayamba choncho. Kwawo sanabwerereko.

Ine ndinakula ndikudziwa kuti maunyolo anali athu. Sindinkadziwa kuti anthu awa anayamba kuyesera pa ana awo. Tsiku lililonse ndimadutsa pafupi ndi nyumba zakale za njerwa zofiira zimene ankalukiramo masokosi, ndikuganiza za basi basi.

Agogo anali ndi funso limodzi lokha. "Ankamukumbukira mwanayo?"

"Zam'mtima mwake sindikudziwa," anatero mlendoyo. "Koma mwana wamkazi woyamba amene anabereka kumeneko anamupatsa dzina la khanda lija. Kuyambira pamenepo mwana wamkazi woyamba aliyense kwathu amatenga dzinalo. Ndi langali."

Analitchula. Linali lomwe lalembedwa pachitseko cha agogo, lomwe ndimaliitana m'mawa uliwonse powadzutsa.

Agogo anamugwira dzanja, osalisiya. Patapita nthawi anatembenukira kwa ine.

"Mlonda, tiyi wazizira."

Ndinakaphika wina. Chikwama sindinachikhudzenso.