Tsiku la ufulu la Tiyamike

Abale anga, Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kugwa pa benchi. Mpaka lero mutu wanga sunakhazikike.

Kwathu kwa Mlonyeni, kufupi ndi malire a Zambia, achinyamata amakhala ndi mpikisano wa mafunso Loweruka lililonse masana mu holo ya tchalitchi. Wofunsa ndi a Mbewe, mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo amafunsa chilichonse: mitsinje, mpira, nyenyezi, mbiri yakale. Loweruka limeneli linali lomaliza. Wopambana ndiye woti akatiimire ku boma, kumene mpikisano wake umaulutsidwa pa wailesi.

Anatsala atsikana awiri. Wina ndi Tiyamike, mwana wa mlongo wanga, wa Fomu 2. Winayo ndi mlendo, anabwera chaka chatha kuchokera ku Lilongwe kudzakhala ndi azakhali ake. Tiyamike musamuone kuchepa msinkhu, mutu umagwira. Mayi ake anali atamusoketsera kale diresi lachikasu lovala ku boma, ndipo mudzi wonse unali utaliona lili pa chingwe.

Phiri lalitali mu Africa? Wayankha. Nyanja yamchere yaikulu padziko lonse? Wayankha a Mbewe asanamalize n'kufunsa komwe. Ine pa benchi ndikungodzigunda pachifuwa, kuuza aliyense kuti nzeruzi n'zakuchimuna kwa mayi ake.

Kenako funso lotsiriza.

"Tiyamike, dziko lathu limakondwerera ufulu wake pa tsiku liti?"

Ndinaseka. Funso la mwana wa Sitandade 2 limenelo! Ndinayamba kale kuganiza za wakabaza wotitengera ku boma.

"Pa 24 Okutobala!" anatero mwana uja, mokweza, mosakayika ngakhale pang'ono.

Mayo ine! Limenelo ndi tsiku la ufulu wa Zambia. Lathu ndi 6 Julaye.

Koma chimene chinandiumitsa thupi si yankho la mwanayo ayi. Mwana amalakwitsa. Chinandiumitsa thupi n'chakuti holo yonse inaomba m'manja. Amayi nthungululu, anyamata malikhweru, mlongo wanga wadzuka kale akuvina chitenje chili m'manja. Anthu odzaza holo, akuluakulu a imvi zawo, osapezeka ndi mmodzi yemwe wogwira pakamwa!

A Mbewe atapukusa mutu n'kunena kuti walakwa, zinavuta.

"Aphunzitsi, musamubere mwanayu!" anakuwa bambo wina kumbuyo.

Mayi wina wachikulire anaimirira, chala chili m'mwamba. "Inu a Mbewe, chaka chatha chomwechi sitinali limodzi kutsidya, inu mukuonera gule wa ngoma? Lero mukuti si tsiku lake?"

A Mbewe anapereka funso kwa mlendo uja, iye n'kuyankha motsitsa mawu kuti 6 Julaye, ngati akupepesa. Wopita ku boma ndi iyeyo.

Ndinatuluka nditakwiya. Ndinkafuna wina woti ndimukalipire: aphunzitsi a kusukulu kwake, makolo, mwanayo. Koma poyenda kubwerera kunyumba, mkwiyo unayamba kusowa pogwira.

Tiyeni tinene zoona, ife a m'malire. Mukatsegula wailesi m'mawa, imamveka bwino ndi iti? Ya kutsidya. Foni yanu imakulandirani kangati m'dziko la eni muli pakhonde panu pomwe? Mwana akatentha thupi, njinga imaloza kuti? Feteleza, sopo, akazi ndi amuna omwe, zonse timakatenga kutsidya kwa dambo.

Ndipo pa 24 Okutobala kutsidyako kumakhala fumbi lokhalokha. Ngoma, mpira, ana asukulu akuguba, mbendera pa njinga iliyonse. Palibe wokufunsa pasipoti, chifukwa amene akuimba ng'omayo ndi msuweni wako. Mudzi wathu wonse umasamukira komweko, ana ali kumbuyo.

Nanga pa 6 Julaye kuno kumachitika chiyani? Timasenda mtedza. Ana amangouzidwa kuti mawa kulibe sukulu. Chikondwerero chimachitikira ku sitediyamu, m'tauni, kwa anthu a magalimoto, ife n'kumva mawa lake kuti kunali bwino. Sindikumbuka ndi chaka chimodzi chomwe pamene munthu anabwera ndi mbendera, ngakhale ya pepala, kudzaimika pa bwalo lathu la mpira.

Ndiye tikudabwa chiyani? Komabe ine ndikudabwa, ndipo zikundiwawa. Timavota kuno, msonkho timakhoma kuno, fodya wathu amakagulitsidwa ku Lilongwe. Koma chimwemwe cha ana athu chikuchokera kwa anansi. A Zambia sindikuwada, sanatibere kanthu. Anangotiitana, ife kwathu kuno osaitanidwa ndi aliyense.

Madzulo ake ndinamupeza Tiyamike kuseri kwa nkhokwe, maso ali psuu ndi kulira.

"Iwe, zoona sumadziwa tsiku la ufulu wa dziko lako?"

"Ndimalidziwa, amalume. Lili m'buku, ndinawerenga." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Koma atangofunsa, pakamwa panga panatuluka tsiku limene timavina."



Inu akuluakulu okonza zikondwerero za dziko, mapu anu amathera pati? Nafenso makolo ndi atchalitchi a kuno, ng'oma tili nazo, bwalo tili nalo, miyendo yovinira tili nayo. Tikudikira ndani?

Dzulo ndinafunsa mlongo wanga za diresi lachikasu lija. Walipinda bwinobwino, waika pansi pa sutikesi.

"Silinawonongeke, achimwene," anatero. "Adzavala mu Okutobala, tikamapita kutsidya."