A Nebert ndi Udzu wa Dona

A Nebert Chimphonda anagwira ntchito ya m'gadeni ku Area 10 zaka khumi ndi zinayi, ndipo udzu sunagonepo kawiri pabwalo lawo. Ankauzonda ngati anyamata ofunsa khadi la chipani pachipata cha msika.

Bwana wawo anali Dona Ursula, mzungu wofufuza za mbewu. Iyeyu ankayesa kulima barele, mbewu imene a Nebert ankangoimva m'Baibulo. Kuseri kwa nyumba kunali mabedi awiri. Pa loyamba panali barele wonenepa, wosiririka. Pa lachiwiri panamera tinthu tonyozoloka, timene Dona anachita kubwera ndi njere zake m'kaenvelopu kuchokera kumapiri akutali. Ankati ameneyo ndi barele wakutchire, sagwidwa chiwawu, ndipo akamukwatitsa ndi wonenepayo, ana ake adzakhala olimba. Zonsezi anafotokoza m'Chizungu. A Nebert anati, "Yesi, Dona."

Dona atapita ku Rumphi kwa milungu iwiri, a Nebert anayang'ana bedi lachiwiri lija, manyazi n'kuwagwira. Mlendo akafika adzati pakhomo pano palibe munthu? Anazula zonse, kusalaza bwinobwino, n'kukataya kudzala.

Dona pobwera anaima pabedipo nthawi yaitali. Sanakalipe. Anangoti mwezi ukatha a Nebert abweze kiyi wa kanyumba ka antchito. M'kanyumbamo ndi mmene munkakhala akazi awo, a Alinesi, ndi ana asanu, atatu a pasukulu. Mantha anawagwira a Nebert, koma cholakwa chawo sanachione.

Kutatsala masiku atatu kuti mwezi uthe, barele wonenepa uja anali atafiira yense ndi chiwawu. M'mawa mwake a Alinesi, pochokera kotaya madzi otsukira mbale, anati, "Bambo a Lexon, udzu wanu uja wadzukatu kudzala."

Analidi mapesi anayi, atagwiranso mizu pakati pa makoko a nthochi, obiriwira mopanda ulemu. A Nebert anatenga khasu.

"Inu, mwapenga?" anatero a Alinesi, n'kuwalanda. "Kaitaneni Dona."

Dona anagwada padzala pomwepo, diresi lake la ku ofesi lili m'phulusa, akuwerenga mapesiwo mobwerezabwereza. Za kiyi sanazitchulenso.

Zaka zisanu ndi chimodzi zotsatira, ntchito ya a Nebert inali kuthirira udzuwo m'mawa ndi masana, kuuthira manyowa ndi kuupirikitsira mbalame. Ankaigwira mokhulupirika, khasu atalisiya patali. Akapita kwawo ku Mitundu, anthu n'kufunsa ntchito imene amagwira m'tauni, ankayankha kuti ndi alonda.